Njoka ya pa Siteji ya Beaumont Leys

Ndagi! Ndipo musayankhe "gize" mwaulesi ngati anthu odzutsidwa kutulo, chifukwa iyi sindinabwereke kwa munthu, ndinaipeza ndekha ndi thukuta langa. Ndili ndi njoka yanga, imadyedwa kumutu koma imakula kumchira, ilibe dzino ngakhale limodzi, koma ukailumpha umadwala mwezi wathunthu. Ganizani bwino. Amene walephera akonzeretu ng'ombe yake, ndipo amene akudziona ngati akudziwa kale atseke pakamwa, makamaka iwe Mphatso wa kukwaya, amene wakhala ukuuza anthu kuti ine Talandira ndimalota ndili chiimire. Kulota ndimalotadi, sindikana, tsiku lina ndinapsereza madzi m'ketulo ndikuyang'ana mitambo. Koma izi zinachitika masanasana, kadzuwa ka kuno kaja kokhala ngati dzira lophikidwa dzulo kali pamwamba, ndipo wokayika apite yekha pa siteji ya basi ya ku Beaumont Leys akaone mmene chitsulo chake chinapendekera mpaka lero.

Ine ndinakulira pa Lizulu, kumene agogo anga amagulitsa kabichi m'mbali mwa msewu, ndipo kasitomala akayamba matama amamuponyera ndagi, akalephera anyamule yekha thumba mpaka pa galimoto. Agogowo anandiphunzitsa zinthu ziwiri, ndagi ndi kakweredwe ka minibasi: mutu pansi, chigongono patsogolo, katundu pawindo, zopepesa ukapepesa utakhala kale. Nditakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri amayi, amene ndi namwino kuno ku Leicester, anandiitanitsa, ndipo sabata yanga yoyamba ndinakwera basi ya kusukulu mmene agogo anandiphunzitsira, ndili m'yunifolomu yatsopano. Palibe anandikalipira. Palibe anandigwira. Anangondiyang'ana basi, anthu makumi awiri, mwakachetechete, ndipo ndinafika kunyumba thupi likutentha ngati ndalumidwa ndi udzudzu wa ku Nsanje. Kuyambira tsiku limenelo, zaka zinayi zathunthu, pa msewu wathu panalibe mtsikana waulemu kuposa ine. Chitseko chikandigunda ndimachipepesa. Mukumva?

Tsono linali Loweruka la chinkhoswe cha achemwali anga a Mwai, ku holo ya ku Braunstone. Alamu athu a Masauso ndi a ku Zambia, abale awo amakhala ku Hyson Green ku Nottingham, ndipo nkhoswe yawo, a Zulu, ndi bambo woti akanena kuti thu koloko amatanthauza thu kolokodi. Ife nkhoswe yathu inachita kukwera ndege: amalume a Kamwendo, achimwene awo a amayi, mphunzitsi wopuma wa ku Mtakataka, amene anali atangotha masiku atatu m'dziko lino. Popanda iwowo panalibe chinkhoswe, chifukwa mwana wamkazi saperekedwa ndi anansi, ndipo holoyo bambo wamakiyi anali atanenetsa kuti folo koloko akutseka. Galimoto ya kunyumba inanyamuka m'mawa itadzaza mapoto, mabokosi a zakumwa ndi keke ya nsanjika zitatu, amalume akadali kusita suti kachitatu, ndiye amayi anandikokera kukhitchini n'kundigwira khutu.

"Tala, kuholo sindikukufunako, ungatiphwanyire mbale. Ntchito yako ndi imodzi. Uwakweze basi amalume ako, musinthe m'tauni, mufike wani koloko. Ukangolota lero, achemwali ako sadzakulankhulanso mpaka kumanda."

Tinatuluka ine ndili m'diresi la chitenje cha akuchikazi, amalume ali m'suti, chipewa kumutu, m'khwapa atapanira nkhuku yootcha yokulunga m'foyilo, imene ankayenera kukapatsana ndi nkhoswe inzawo, poti kuno thadzi lamoyo sungalipeze pafupi. M'njira ndinayamba kuwalangiza monga munthu wodziwa. Ndinati amalume, kuno pa siteji amene wayamba kufika ndiye amayamba kukwera, ngakhale akhale mwana wa dzulo. Mukalowa musapereke moni kwa aliyense, musagwire anthu chanza, musakhale pafupi ndi munthu mipando ina ili yopanda anthu chifukwa aganiza kuti mukufuna kumubera impso, foni ikalira musayankhe ngati mukuitana ng'ombe kudambo, belu mudine kamodzi kokha, munthu akakupondani mupepese ndinu, ndipo potsika, zivute zitani, mumuthokoze dalaivala. Amalume anaima n'kundiyang'ana kuchokera pamwamba pa magalasi.

"Iwe mwana, ine ndaphunzitsa ulemu zaka makumi atatu ndi zisanu. Amayi ako omwe ndinawaphunzitsa ndine kugwada. Lero ndiphunzire kwa iwe?"

Ndinangoti pepani amalume.

Tinafika pa siteji palibe munthu, ndiye amalume anakhala oyamba. Posakhalitsa panabwera agogo ena achizungu, aafupi ngati mtondo, tsitsi ngati thonje, chikhoti chofiirira, akukoka kangolo kodzaza zitini za chakudya cha mphaka, ndipo anaima kumbuyo kwathu mwadongosolo. Basi yosanja inatulukira, inaima, chitseko chinatseguka, kenaka inachita zimene basi za kuno zimachita zikaona okalamba: inalira kuti psiii n'kutsika mbali imodzi mpaka kufanana ndi msewu. Amalume anagwira pamtima.

"Taona Tala! Yagwada. Ngakhale galimoto za kuno zinaleredwa."

Pamenepo m'pamene zinaipira, chifukwa munthu amene wagwadiridwa ndi basi sangalole kuposedwa ulemu ndi chitsulo. Amalume anavula chipewa, anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, anatambasulira dzanja agogo aja, n'kunena m'Chingerezi chawo cha m'kalasi chija kuti, "After you, madam," kutanthauza kuti tsogolani inu. Agogowo anamwetulira n'kuyankha kuti ayi, bambo inu ndinu munayamba kufika. Amalume anati malemu amayi awo angadzuke kumanda atamva kuti mwana wawo waponda basi patsogolo pa munthu wa imvi. Agogowo anati iwo chibadwire sanapitirirepo munthu pamzere, ndipo sangayambe lero ali pafupi kukaonana ndi Mulungu. Amalume anawerama. Agogo anawerama. Tsogolani inu. Ayi, tsogolani inu. Dalaivala, bambo wa nduwira ya buluu, sakanatseka chitseko akuluakulu ali pakhomo, komanso sakanawauza kuti fulumirani chifukwa kumeneko n'kutukwana, ndiye anangoyang'ana kutsogolo n'kutsokomola kachifuwa kakang'ono, kamene kuno ndiye hutala yaikulu kuposa zonse, koma awiriwo sanamve n'komwe.

Tsopano ndivomere cholakwa changa, kuti muone kuti ndine munthu wachilungamo. Pamene awiriwo ankaweramirana, pafupi ndi ine panadutsa nkhunda ya mwendo umodzi, ikuyenda monyada ngati ili ndi itatu, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti kodi mwendo winawo inausiya kuti, kapena inaukongoza kwa inzake, kapena pali ndagi imene ingatuluke pamenepa, mpaka ndinailondola mapazi asanu okha, asanu basi, ndikulumbira pa Baibulo la amayi la zipi lija. Potembenuka ndinapeza malo anga atatsekeka. Panali mayi wokankha mwana m'pulemu, kumbuyo kwake bambo wa galu, kumbuyo kwake anamwino awiri ochokera ku shifiti, ndipo onse anali chilili, maso kutsogolo. Ndikanatha kunena kuti pepani, ndili ndi bambo awo, koma malungo a zaka zinayi zapitazo anandikumbutsa okha, ndipo ndinachita zimene mtsikana woleredwa amachita: ndinanyamuka kukafuna kumchira.

Abale anga, mchirawo unkandithawa! Anthu a dziko lino akaona anzawo atatu ataima motsatizana miyendo imawayabwa, sangapitirire, ndiye mzere unadutsa mashopu onse, unazungulira raundabauti katatu, mayi wina amene anangotuluka kukataya zinyalala anaima nawo ndi bini lake, ometa anatuluka ndi makasitomala awo mutu utametedwa theka, maliro amene ankapita kumanda anaima ndipo womwalirayo anadzuka n'kufunsa ngati pothera mzere ndi pamenepo, atauzidwa kuti ayi anapepesa n'kugonanso, basi zina zinandandalika kumbuyo kwa basi yathu, kumbuyo kwa basizo malole, kumbuyo kwa malole abakha a mumtsinje ndi ana awo, m'mwamba ndege zinaima chimodzimodzi mapiko ali tambasu, ndipo mvula imene inali itayamba kuwaza inaima m'malere, dontho kumbuyo kwa dontho, kudikira nthawi yake yogwa. Mukumva? Ine ndikuyendabe, nsapato zikundiluma, ndinadutsa minda, ndinadutsa Loughborough, ndinaoloka mtsinje wina waukulu, mpaka mchira ndinaupeza ku Nottingham, ku Hyson Green, pakhomo pa shopu imene amayi amagulako ufa ndi usipa wouma. Ndinaima pamenepo, womaliza pa anthu onse a m'chigawo chino, ndipo ndipamene ndinaiona bwinobwino njoka yanga ija, yodyedwa kumutu ndi basi, yokula kumchira, yopanda dzino. Ndi mzere, anthu inu. Bweretsani ng'ombe zanga. Kungoti tsiku limenelo kumutu sinkadyedwa, inkangokula.

Ndipo musaganize kuti wina anadandaula. Bambo amene anali patsogolo panga ndevu zinamera ndikuona, zinachita imvi, zinayamba kuthothoka, iye n'kungotembenuka pang'ono kundiuza kuti kunja kwazizirako lero. Mayi wina anachira pomwepo, mwana anabadwa, anayang'ana uku ndi uku, n'kukwawira kumbuyo kwanga. Nkhani za kumutu zinkafika kumchira monong'ona, munthu kuuza mnzake osamuyang'ana kumaso, kuti zikuoneka ngati pali kachedwedwe pang'ono. Kachedwedwe pang'ono! Pa zinthu zonse za mu England muno chimene chinakana kuima pamzere chinali chimodzi chokha, nthawi. Ndinayang'ana foni, inali hafu pasiti fili, ndipo nthawi yomweyo inalira. Anali amayi, akunong'ona ndi mawu aja amene amatanthauza kuti akumwetulira alendo kwinaku akukupha.

"Tala, muli pati? A Zulu avala chipewa. Akuti, 'Manje ise tinabwela kukwatila holo?' Azimayi awo ayamba kutseka mapoto. Bambo wamakiyi akungowaliza m'thumba."

Ndisanayankhe, amayi analandidwa foni, ndipo ndinamva achemwali a Mwai, amene chibadwire changa sindinawamvepo akulira, ngakhale tsiku limene anathyoka mkono.

"Tala, m'bale wanga, ndakhala pano chiweramire maola awiri, nsalu ili kumutu, khosi latha. Anthuwa akapita sabweranso, ukuwadziwa. Bwera nawo amalume, ngakhale uwabereke."

Foni inaduka. Ndinaima pamenepo n'kuganiza mofulumira kuposa mmene ndinaganizirapo m'kalasi ya masamu. Amalume sakanagonja, ndimawadziwa, anakanapo kudya masiku awiri chifukwa mlendo anali asanasambe m'manja. Agogo aja nawonso nkhope yawo inkaoneka kuti anapirira zambiri, za amalume zinali zachibwana. Ulemu wa ku Mtakataka ndi ulemu wa ku Leicester zinali zitakolana nyanga ngati nkhunzi ziwiri, ndipo panalibe munthu wabwino amene akanazileretsa, chifukwa munthu wabwino aliyense anali pamzere. Pankafunika munthu woipa. Ndinayang'ana kutsogolo, ndinayang'ana kumbuyo, woipa sanaoneke. Ndiye ndinavula nsapato, ndinakwinyira diresi m'mawondo, ndinaika mutu pansi, chigongono patsogolo, n'kunena chamumtima kuti agogo a pa Lizulu, muli kutali koma ndigwireni dzanja.

Ndinathamanga! Ndinapitirira bambo wa ndevu, ndinapitirira Nottingham yense, ndipo maso anayamba kundigwera ngati matalala, ena pamsana, ena pakhosi, ena m'makutu, moti mpaka lero ndikavala malaya oyera mumaoneka timadontho, kenaka kumbuyo kwanga kunabuka kutsonya, osati kutsonya kwathu kuja kotalika ngati mpira ukuphwa, koma kwawo kwakufupi, tsk, tsk, tsk, kukuthamanga m'mzere ngati moto wolusa pa udzu wouma mpaka kunandiwaula zidendene, ine osaima, ndinalumpha kangolo, ndinalumpha galu, ndinadutsa pansi pa bokosi la maliro, womwalira anatsegula diso limodzi n'kutsonya nayenso, ndinapitirira aphunzitsi anga a masamu amene anandipatsa mphoto ya khalidwe chaka chatha, ndinawaona akuvula magalasi kuti asaone, ndipo pa munthu aliyense amene ndinkamudutsa "sore", pepani wa kuno uja, ankakwera yekha kukhosi kwanga, ine n'kumumeza, wina kukwera, ine kumeza, mpaka mimba inatupa ngati ndadya nyemba zosapsa. Loughborough ndinaidutsa osaiona. Raundabauti ija sindinaizungulire, ndinangoidula pakati, pamaluwa. Mukumva, Mphatso? Pamaluwa!

Ndinafika kumutu n'kupeza awiri aja atawerama mpaka zipumi zagunda pansi, nsapato zitamera ndere, mawu atasasa, akungotambasulirana manja. Nkhuku ya m'khwapa mwa amalume inali itatopa kudikira, itamera nthenga, itaboola foyilo, itaikira mazira awiri owiritsa kale m'chipewa. Basi inali chigwadire, mawondo akunjenjemera. Ine sindinayang'ane munthu. Ndinadutsa pakati pa akuluakulu awiriwo, pansi pa mkono wa amalume, ndinakankha kangolo ka agogo ndi ntchafu, ndinaponda basi, ndinagunditsa khadi langa pa makina, piii, ndipo dalaivala sindinamupatse n'moni womwe.

Kunagwa bata loti ukanamva nyerere ikutafuna. Kenaka anthu onse aja, kuyambira mayi wa pulemu mpaka khanda la ku Hyson Green, anakoka mpweya nthawi imodzi, moti m'makutu mwanga munatseka ndipo nkhunda zinagwa pansi posowa chouluka nacho, ndiyeno onse pamodzi anausa moyo. Amenewo ndiwo mapeto a ukali wa anthu a kuno, sapitirira pamenepo, koma kuusa moyo kwa chigawo chathunthu si masewera: chimphepo chinachokera ku Nottingham, chinasesa masamba onse a m'misewu, chinapinda chitsulo cha siteji chija, chinanyamula amalume ndi agogo aja, kangolo, nkhuku ndi chipewa, chitseko cha basi chinadzitanula chokha mwaulemu kuti onse akwane, ndipo anatera m'kati phewa ndi phewa, zala za kumapazi zikugunda pansi nthawi imodzi. Dalaivala anatuluka m'kachipinda kake, anagwada, anayeza ndi chiphaso chake, ndipo analengeza kuti palibe amene watsogola. Amalume anapukuta thukuta. Agogo anakonza tsitsi. Ulemu wa aliyense unali wathunthu, kupatula wanga.

Mukuganiza kuti zathera pomwepo? Anthu a mumzere anayamba kulowa, mmodzimmodzi, aliyense akundilambalala ngati chithaphwi, mpaka basi inadzaza pansi ndi pamwamba, ndipo panatsala mpando umodzi wokha, wakutsogolo uja wosungira okalamba. Amalume anauyang'ana. Agogo anauyang'ana. Anayang'anana. Ndinaona dzanja la amalume likuyamba kutambasuka, ndinaona milomo ya agogo ikukonzeka, wotchi ili kota tu folo, ndipo ndinati wanyowa kale sathawa mvula. Ndinakhalapo ine. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, miyendo yonse ili bwinobwino, ndinakhala pa mpando wa okalamba, akuluakulu awiri ali chilili pamutu panga, ndipo ndinapinda mwendo. Kuusa moyo kwachiwiri kunachitikira m'kati, mawindo ali otseka, ndiye mphepo inasowa kolowera, basi inadzuka pamene inagwada paja, inanyamuka ngati chitsekerero cha botolo, inadutsa pamwamba pa tauni osasintha n'komwe, ndinaona nsanja ya wotchi ili pansi pathu ngati chikhomo, msika ngati mphasa, bwalo la mpira ngati mbale ya ndiwo zamasamba, ine n'kudina belu kasanu ndi kanayi poti zinali zitaipa kale, mpaka tinatera ku Braunstone, pakhomo penipeni pa holo, nkhuku ikukupiza mapiko kuthandiza mabuleki.

Potsika amalume anakumbukira langizo langa limodzi lokha. Anaima pakhomo, anapatsira ine nkhuku, anawomba m'manja katatu, n'kuyamba kuthokoza dalaivala kuyambira makolo amene anamubereka, aphunzitsi amene anamuphunzitsa, ndi boma limene linapanga msewu, moti ndinachita kuwakoka jekete. Koma ine ndemwe, phazi limodzi lili kale pansi, ndinalephera. Munthu ukhoza kulumpha mzere, ukhoza kulanda mpando, koma kutsika basi osathokoza dalaivala ndi ufiti weniweni. Ndinatembenuka kuti ndinene kamodzi kokha, ndipo ma "sore" onse amene ndinameza kuchokera ku Nottingham anatulukira limodzi ndi "thank you" wakeyo, mpaka magalasi a basi anachita nthunzi. Agogo aja anatsala m'kati. Iwo ankangopita masiteji awiri okha kukadyetsa mphaka wa mng'ono wawo, koma sakananena kuti apitirizidwa, kuopa kuvutitsa. Basi ikunyamuka anandiyang'ana pawindo, nkhope ili gwa, kenaka diso limodzi linatsinzina. Mwina kanali kachitsotso. Ine ndikuti linatsinzina.

Tinapeza a Zulu mwendo umodzi uli kale m'galimoto. Amalume anavula chipewa, anapereka moni wautali woti munthu sungauchokere, mwendo uja unabwerera pansi wokha, ndipo bambo wamakiyi atapatsidwa mbale ya mpunga ndi nyama anaiwala kuwerenga wotchi. Ankhoswe anakhala pansi, anafunsana, anagwirizana. A Masauso anavundukula nsalu n'kupeza achemwali anga maso ali psuu koma akuseka, nthungululu zinang'amba denga, ndipo pa kupatsana nkhuku, akuchimuna anatulutsa yawo yozizira ya m'foyilo, ife tinatulutsa thadzi lamoyo, loyamba kuoneka pa chinkhoswe mu Leicester muno, ngakhale linkanunkhirabe adyo.

Tsono Mphatso akuti iye anali pa siteji pomwepo tsiku limenelo, akuti pamzere panali anthu khumi ndi mmodzi, akuti amalume ndi agogo aja anakanirana mphindi zitatu zokha, ndipo akuti chimene chinatichedwetsa n'chakuti ine ndinali nditawaimika amalume pa siteji yolakwika kwa ola lathunthu ndikuyang'ana nkhunda. Chabwino. Anthu sindinawawerenge, ndipo mwina mchira sunafike ku Nottingham kwenikweni, mwina unathera pakhomo pa famase. Koma kulumpha ndinalumphadi, mpando ndinakhaladi, ndipo ngati mukufuna umboni funsani chifukwa chake sabata zitatu tsopano ndikupita kusukulu wapansi, mvula ikundithera pathupi, amayi ndikuwauza kuti ndikulimbitsa thupi. Mayi wa pulemu uja amakwera basi ya m'mawa. Sindinakonzeke kukumana ndi maso ake.

Koma nditsirize za kuholo. Perekaniperekani atatha, amayi anayamba kugawa keke, ndipo ine ndinaima pamzere, komalizira penipeni, manja kumbuyo. Itafika nthawi yanga, kambale kali kale m'manja mwa amayi, amalume anadzuka pa mpando wawo waulemu, anakonza tayi, n'kubwera.

"Mlongo, ndisanaiwale. Mwana uyu England wamuwononga. Ndi maso angawa ndamuona akulowa basi patsogolo pa akulu awiri, n'kukhala pampando ife tili chiimire. Kwathu kulibe zimenezi. Akanakhala kuti anatsala ndi agogo ake pa Lizulu, bwenzi ali mwana wa ulemu."

Nkhope ya amayi inasintha, kambale kanabwerera m'mbuyo. Nthawi yomweyo achemwali a Mwai anandikumbatira chakumbuyo, ndalama za perekaniperekani zikadali m'tsitsi, akundipsompsona pakhosi n'kumati m'bale wanga, m'bale wanga, wandipulumutsa. Amayi anayang'ana achimwene awo, anayang'ana mkwatibwi, anayang'ana ine, kambale kali m'malere, osapita kutsogolo, osabwerera. A Zulu anasiya kutafuna. Ndiye mng'ono wanga Zione, wa zaka zisanu, wobadwira konkuno, amene ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi, anatulukira pansi pa tebulo kirimu ali pamphuno, anakoka chitenje cha amayi, n'kufunsa m'Chichewa chomveka bwino, holo yonse ikumva.

"Mami, ndiye Tala akwapulidwe kapena apatsidwe keke?"